Mzinda Wasefukira M'minda

Pamene Lilongwe amasanduka likulu la dziko lino mu 1975, malo a mumzindawu adagawidwa mwadongosolo, dera lililonse ndi nambala yake. Kalembera wa 2018 adapezamo anthu 989,318. Koma chiwerengerochi chidasiya kunja khamu la ku Njewa ndi ku Chitedze, limene limalawirira pa minibasi kukagwira ntchito m'tauni, madzulo n'kukagona m'dera la Khonsolo ya Boma la Lilongwe.

Apa ndiye pagona vuto. Mphamvu za Khonsolo ya Mzinda zimathera pamalire. Kuseri kwa malirewo, mwini munda amadula mapuloti ndi chingwe, nyakwawa ili mboni, ndipo nyumba zimangoti mbwee, popanda wosiyako malo a msewu, sukulu kapena ngalande. Uyu akumba chimbudzi pafupi ndi chitsime cha mnzake. Nanga kolera amene adasautsa Lilongwe mu 2023 adayamba wafunsa kuti malire ali pati?

Ena amati mzinda ungofutukula malire ake basi. Ameneŵa ndi maganizo aulesi. Malire akasuntha, ogula malo nawonso adzasunthira patsogolo, kumene nthaka ndi yotsika mtengo ndiponso kulibe msonkho wa nyumba.

Lamulo la 2016 lidaika kale dziko lonse pansi pa mapulani, midzi yomwe. Tsono makhonsolo awiriwa alibe pothawira. Akhale pansi ndi mafumu, ajambule mapu amodzi, agwirizane wolambula misewu ndi wotola zinyalala, ndipo akhome zikhomo za misewuyo minda ya m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji isanathe kugulitsidwa.