Galimoto yogona pa njerwa

Galimoto yomwe yachotsedwa matayala onse anayi n'kutsamiritsidwa pa njerwa ndi chinthu chomwe kale tinkangochimva kwa obwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Joni. Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa nkhawa yathu inali ya mbuzi, mpunga wa m'nkhokwe ndi maukonde. Koma galimoto zachuluka. Ogula matemba ndi makumba amafika nazo pa doko la Kachulu, zina zimatenga mpunga wa ku sikimu ya Likangala, zina ndi matola a pakati pa nyanja ndi tawuni ya Zomba. Zambiri zimagona panja, m'malo opanda mpanda ngakhale getsi.

Tayala lasanduka katundu wosiririka chifukwa cha mtengo wake. Matayala onse omwe timagwiritsa ntchito amachokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idakwera osabwereranso. Tayala ndi limu yake munthu mmodzi amanyamula pa njinga. Lilibe nambala yolembedwa m'buku la galimoto monga injini. Komanso limalowa pa galimoto zambiri. Tigalimoto tambiri ta ku Japan, monga Toyota Vitz, Passo ndi Probox, Honda Fit, Mazda Demio ndi Nissan Note, tili ndi mabowo anayi otalikirana mofanana, muyeso womwe amaulemba kuti 4x100. Nawo mapikapu monga Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu ali ndi mabowo asanu ndi limodzi pa muyeso umodzi. Wakuba savutika kupeza wogula.

Wina angafunse kuti nkhani ya matayala ikufunanji m'magazini ya zaumoyo ndi za pabanja. Kuchokera ku Kachulu kukafika ku Zomba Central Hospital ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. M'midzi yambiri galimoto ya munthu mmodzi ndiyo imadzutsidwa usiku mayi akavutika pobereka kapena mwana akakomoka ndi malungo. Galimotoyo ikakhala pa njerwa, si mwini wake yekha waluza. Ndipo pali ngozi ina yoposa kuba kumene. Mbava ikamasula manati, galu n'kuuwa, iyo n'kuthawa isanamalize, mwini galimoto amadzuka m'mawa n'kuona matayala onse alipo. Amakweza anthu, ndipo tayala limakazuka ali pa liwiro. N'chifukwa chake galimoto ikagona pachilendo, muyizungulire musanalize injini, mukhudze nati iliyonse ndi sipanala. Mukamva kugogoda kwachilendo kapena chiwongolero chikunjenjemera mutangonyamuka, imani pomwepo.

Chitetezo chodziwika kwambiri ndi manati okhala ndi kiyi. Amagulitsidwa anayi m'paketi, nati imodzi pa tayala lililonse. Mutu wake sugwirika ndi sipanala wamba. Uli ndi mizere yakeyake yomwe imalumana ndi kachitsulo kamodzi kokha, ndiko kiyi. Kunena zoona, manatiwa saletsa mbava yodziwa ntchito yomwe yabwera ndi zida zake. Chomwe amachita n'kuichedwetsa ndi kuichititsa phokoso, ndipo wakuba zinthu ziwirizi amadana nazo. Akaona galimoto ziwiri, amasankha yosavuta.

Pogula, kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Manati safanana. Toyota, Honda ndi Mazda zambiri zimagwiritsa ntchito mazinga a M12x1.5, pomwe Nissan, Suzuki ndi Subaru zambiri ndi M12x1.25. Mukakakamiza nati ya Nissan pa bawuti ya Toyota, imalowa pang'ono n'kudya mazinga, bawutiyo yatha ntchito. Kunsi kwa nati nakonso kumasiyana: ina ndi yosongoka, ina ndi yafulati yokhala ndi washala, monga zimakhalira pa malimu ambiri a aluminiyamu omwe Toyota imabwera nawo. Nati yosagwirizana ndi limu imaoneka yomangika koma imamasuka m'mabampu. Njira yachidule n'kumasula nati imodzi ya galimoto yanu, kuiika m'thumba n'kupita nayo ku shopu.

Tsono vuto lalikulu la manatiwa ndi kiyi yake. Anthu ambiri amaisunga m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasinjala, malo oyamba omwe wakuba amayang'ana akaswa galasi. Ena amaisiya kunyumba kuti isabedwe, ndiye tayala likaphulika ali pakati pa dambo, amangoliyang'ana. Kiyi iyende ndi dalaivala, m'chikwama chomwe amatuluka nacho m'galimoto, kapena ibisidwe penapake pomwe a pabanja okha akudziwa. Amayi a pakhomo adziwe pomwe ili, chifukwa tsiku lomwe galimoto ikufunika mwadzidzidzi wodwalayo angakhale bambo yemwe. Paketi ya manati imakhala ndi nambala ya kiyi; ilembeni m'kope.

Pali china chomwe opanga manatiwa sadaganizire za kwathu kuno, ndicho dothi la makande. Nyengo ya mvula matope ake amamata m'mizere ya nati, akauma amalimba ngati simenti. Ndiponso nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo chitsulo chomwe chimalowa m'madzi a kugombe sichichedwa kuchita dzimbiri. Kiyi ikapanda kulowa mpaka kumapeto chifukwa cha matope, inu n'kukanikiza ndi mphamvu, mizere imafufutika ndipo natiyo sidzamasukanso popanda wowotcherera. Yambani mwatokosa matope ndi kawaya, mutsuke, kenako mulowetse kiyi. Kwa okonza matayala omwe ali ndi makina omangira manati a mpweya, auzeni kuti nati ya kiyi amange ndi manja. Musapondenso sipanala ndi phazi kapena kuwonjezera paipi. Ndipo musapake girizi pa mabawuti poti mukuthawa dzimbiri: nati yopakidwa girizi imamangika kupyola muyeso mpaka bawuti kutamuka. Tayala likachotsedwa n'kubwezeretsedwa, muyesenso manati mutayenda makilomita 50 kapena 100.

Tayala lomwe limabedwa mosavuta kuposa onse ndi la sipeya, makamaka pa pikapu pomwe limakhala kunsi kwa bodi. Silifuna jeke ngakhale njerwa; amangolitsitsa kapena kudula chomwe chalikoleka. Mwini wake amatha mwezi wathunthu osadziwa, mpaka tsiku lomwe waponda msomali. Tcheni cholimba chodutsa pa bowo la limu n'kuzungulira tchesi, ndi loko wabwino wokutidwa ndi chidutswa cha chubu chakale kuti matope asalowe, n'zokwanira. Wowotcherera wa pa Jali kapena pa Songani angakuikireni kachitsulo kokolekapo loko pa mtengo wosafika ngakhale theka la tayala. Jeke ndi sipanala musazisiye poonekera, chifukwa mungabwereke mbava zida zanu zomwe.

Kaimikidwe ka galimoto sikalira ndalama. Iyandikizeni kukhoma kapena kumtengo mwakuti munthu asapeze poika jeke mbali imeneyo. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuchikhoma. Tayala lakutsogolo likapendekeka, kulitulutsa kumavuta. Iimikeni pafupi ndi zenera la chipinda chomwe mukugona, osati kuseri kwa khitchini. Getsi la sola loyaka likaona choyenda limathandiza, ngakhale kuti agalu ndi mbuzi za usiku zingakutopetseni nalo. Amalonda ogona kudoko podikira nsomba za m'mawa angachite bwino kuimika galimoto zawo pamodzi n'kusonkherana ya mlonda wodziwika kwa amfumu ndi a komiti ya pagombe, kusiyana n'kupatsa kandalama mnyamata aliyense yemwe wati ndikuyang'anirani. Ine ndimaona kuti mlonda wolipidwa bwino ndiponso pa nthawi yake aposa loko aliyense wa m'shopu.

Tisaiwale kuti eni galimoto kuno ndi ochepa. Gudumu lomwe mabanja ambiri amadalira ndi la njinga yakapalasa, la njinga yamoto ya kabaza ndi la ngolo. Ngolo zambiri zimayenda pa matayala a galimoto zakale, ndipo zimagona pabwalo opanda woziganizira. Nati imodzi ya kiyi, kapena tcheni chodutsa m'limu n'kukoleka ku thupi la ngolo, chingapulumutse ulendo wa mpunga wa chaka chonse. Pa njinga, loko adutse pa felemu ndi gudumu lakumbuyo n'kugwira mtengo kapena mzati. Kukhoma gudumu lakutsogolo lokha n'kupatsa wakuba njinga yonse kupatula gudumulo. Njinga yamoto igone m'nyumba ngati n'kotheka, koma osati m'chipinda chogona anthu, ndiponso kutali ndi mbaula ndi koloboyi chifukwa cha petulo. Musailize muli m'nyumba yotseka, utsi wake umapha. Nambala ya injini ndi ya tchesi zilembedwe m'kope, ndipo njingayo ilembetsedwe ku Road Traffic. Yopanda mapepala ikabedwa, ngakhale ipezeke, kutsimikiza kuti ndi yanu kumavuta.

Matayala nawonso angathe kuzindikirika ngati mwini wake adakonzekera. Lembetsani nambala ya galimoto mkati mwa limu iliyonse ndi chokhomera manambala, kapena ndi penti yosafufutika. Jambulani tayala lililonse pa foni, kuonetsa dzina lake, saizi yake monga 195/65 R15, ndi manambala omwe amatsatira zilembo za DOT. Sungani lisiti. Mukapita kupolisi n'kunena kuti andibera matayala akuda anayi, wapolisi alibe poyambira. Mukapita ndi zithunzi ndi chizindikiro chanu, ali ndi chogwira.

Manambala a DOT aja ali ndi ntchito inanso. Anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chomwe tayala lidapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Labala imakalamba ngakhale tayala lisakuyenda, ndipo opanga matayala ambiri amalangiza kuti lopitirira zaka khumi lichotsedwe ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Izi n'zofunika pogula matayala ogwiritsidwa kale ntchito, omwe ambirife ndiwo timakwanitsa.

Apa ndiye pali nkhani yovuta kukambirana. Matayala amabedwa chifukwa alipo owagula, ndipo ogulawo ndi anthu wamba omwe apanikizika, osati zigawenga. Munthu akakubweretserani tayala labwinobwino lili pa limu yake, madzulo, pa theka la mtengo, akufuna ndalama pompo, simufunika kuombeza kuti mudziwe komwe lachokera. Malamulo a dziko lino amati kulandira katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wakuba ndi mlandu, ndipo munthu amapita nawo kundende. Wogulitsa matayala akale wachilungamo ali ndi malo ake odziwika ndipo sakana kulemba lisiti yokhala ndi dzina lake. Funsani lisitiyo. Akayamba kuzemba, siyani, ngakhale mtengo ukukoma. Limu yomwe mkati mwake mwapalidwa posachedwa ikuuzani yokha kuti padali nambala ya wina.

Tiyenera kunenanso kuti umbava umakwera nyanja ikaphwa. Chilwa idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Nthawi zoterezi achinyamata omwe amadalira kukoka makoka, kupalasa mabwato opita ku Chisi ndi kunyamula nsomba amatsala manja lende. Sindikuikira kumbuyo wakuba, koma mwini galimoto adziwe kuti miyezi ya njala ndi zaka zomwe nyanja yabwerera ndiyo nthawi yoonjezera tcheru.

Mukagwira munthu ali pa tayala lanu, mtima umawira, ndipo anthu sachedwa kudzaza ndi zibonga. Musalole kuti amenyedwe. Anthu aphedwapo m'dziko muno pa katundu wochepa kuposa tayala, ena mwa iwo osalakwa, ndipo omenyawo ndiwo amatsala ndi mlandu wakupha. Itanani a chitetezo cha m'mudzi ndi amfumu, munthuyo akaperekedwe kupolisi ali wamoyo. Ngati mbava zili zingapo ndipo zili ndi zikwanje, musatuluke nokha. Kuwani muli m'nyumba, imbirani anansi, yatsani magetsi. Mukapeza galimoto ili kale pa njerwa, musalowe kunsi kwake ndipo ana muwathamangitse, chifukwa njerwa zowotcha zimaphwanyika mosachenjeza. Jambulani zithunzi, kanenani kupolisi tsiku lomwelo, ndipo uthenga ufike kwa okonza matayala a pa Jali, pa Songani ndi m'tawuni ya Zomba dzuwa lisanalowe.