Mnyamata amene anabwerera pa Perga

Tiganizireko za Yohane Marko. Pa ulendo woyamba wa Paulo ndi Barnaba, mnyamatayu anafika nawo pa Perga, kenako anawasiya n'kubwerera ku Yerusalemu. Nkhaniyi ili pa Machitidwe 13:13. Ulendo wachiwiri utakwana, Paulo anakanitsitsa kumutenganso, mpaka akuluakulu awiriwa anakangana n'kusiyana njira. Barnaba anatenga Marko, yemwe anali msuweni wake, n'kulowera naye ku Cyprus.

Chimene chimandikhudza mtima n'choti Barnaba sanamukhazike pabenchi yakumbuyo kuti azingoonerera. Anamubwezera pa ntchito yomwe inamulaka ija, iye ali pambali pake. M'mipingo mwathu, mnyamata akangosiya kwaya kapena kujomba ku kalasi, timafulumira kunena kuti uyu ndi wosadalirika, ndipo dzinalo limamukanirira mpaka imvi. Nanga kupirira akakuphunzirira kuti, ngati palibe womupatsanso katundu woti asenze?

Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti pobwera atengane ndi Marko, chifukwa tsopano anali munthu wofunika pa utumiki. Mukapeza mpata, kawerengeni pa 2 Timoteo 4:11.