Za Ana Ofuna Kukaphunzira Kutsidya kwa Nyanja

Inu makolo a ku Mitundu ndi ku Nathenje, tamva kuti ena afuna kugulitsa ng'ombe, ngakhale munda umene, kuti mwana wotsiriza pa Bunda akaonjezere maphunziro ku Ulaya. Tayambani mwaima. Thandizo liripo. Kuyambira 1983 Boma la Britain lipereka thandizo lochedwa Chevening, lolipira sukulu, ulendo ndi chakudya kwa chaka chimodzi; koma wopemphayo akhale atagwirapo nchito zaka ziwiri, ndipo akatsiriza abwerere kwao. Kupempha kwake nkwaulere. Tsono munthu akadza pakhomo nati, "Patseni mbuzi ndikamlembetse mwanayo," mumkanize, pakuti ndi mbala. Ngakhale Kamuzu, pomuka ku America mu 1925, anamthandiza ndi Mpingo wa AME.