KALATA YA KALALIKI: TSIKU LIMENE MADZI ANASANDUKA MWALA

Sabata ino ndikulemba ndiri pa chuthi kwa amai anga ku St Mary's, muno m'Chitungwiza. Popeza June wayandikira, ndipo ambiri mwayamba kale kufukula majasi pansi pa mabokosi, ndati ndikusimbireni zimene zinationekera ine ndi anzanga m'cisanu capitaci. Nkhaniyi indicititsa manyazi, pakuti wolakwa wamkuru m'menemo ndine ndemwe, koma Mkonzi wati ndilembe ndithu.

Kampani inatuma amuna asanu ndi makina oboola kukafufuza mwala wa chrome kuchire, kufupi ndi Lalapanzi, pa mtandadza uja wa mapiri amauchula Great Dyke. Ine anandiphatikiza pa iwo kuti ndizidinda matikiti, kuwerenga dizilo, ndi kulemba manambala pa mabokosi a miyala imene makina aturutsa pansi. Kuchireko kulibe komponi. Anatipatsa karavani, ndiyo nyumba ya matayala yokokedwa ndi galimoto, ya mabedi anai, ndi tenti imodzi ya anthu awiri. Karavaniyo inali ndi madzi ace: thanki kunsi kwace, kapampu koyendera batire, giza ya gasi, ndi timapaipi tating'ono ngati cala ca mwana, tina ta pulasitiki tina ta mkuwa, toyenda pansi pa matabwa kufikira ku mpopi wa m'kati. Tsiku loyamba tinali kungotsegula mpopiwo ndi kutseka, kusekerera ngati ana.

Malo oimikapo karavani ndinasankha ndine, popeza mapu anali m'manja mwanga ndipo ndinadziyesa wanzeru. Ndinasankha m'dambo, pafupi ndi kamtsinje, pamalo osalala opanda miyala. M'gulu mwathu munali mkuru wina wa ku Dedza, woyendetsa makina, amene tonse timawachula a Madala. Iwo anapukusa mutu nati, "A Kalaliki, kwathu m'dambo timalimamo dimba, sitigonamo. Tiyeni tikwere pamtunda apo." Ine ndinayankha kuti pamtunda m'potalikira madzi, ndipo anyamata anabvomereza mau anga cifukwa panalibe wofuna kusenza zigubu. A Madala anakakhoma tenti yao pamtunda, iwo ndi dalaivala.

Masabata oyamba zinthu zinayenda bwino. M'July munadza masiku atatu a mitambo ndi kamvula kowaza, kamene anzathu Ashona amati guti, ndipo kwathu ku Malawi amati ciperoni. Kunazizira, koma madzi anali kuturuka. Tsiku lacinai kumwamba kunayera, mphepo inaleka kuti zii, ndipo madzulo nyenyezi zinaoneka zazikuru ngati ungazithyole ndi dzanja. Ine ndinakondwa kuti kuzizira kwatha. A Madala anayang'ana kumwamba nati, "Lero ndiye lero. Tungirani madzi m'ndowa mulowetse m'nyumba." Palibe anawamvera. Wailesi inali itanena kuti ku Gweru kuzizira kudzafika madigiri 3, ndipo ine ndinakumbutsa anzanga zimene ndinaphunzira ku sukulu ya mishoni, kuti madzi saundana kufikira pa 0.

M'mawa ndinatsegula mpopi kuti ndiike ketulo pamoto. Ngakhale dontho limodzi ai. Tsono mundimvetse, ine ndine mwana wa m'Chitungwiza. Kuno mpopi wouma sudabwitsa munthu. Timakula tikudziwa kuti madzi amabwera tsiku limene afuna, ndi kuti cigubu ndiye mbale wako. Cotero za cisanu sindinaziganize konse. Ndinati thanki yatha, ndipo ndinayamba kukalipira mnyamata wophika kuti anamwaza madzi potsuka mbale. Iye anagogoda thanki, ndipo inamveka yodzala. Pamenepo ndinayatsa pampu ndi kuisiya ilire, kuyesa kuti ikankha cotsekaco, mpaka fyuzi inapsa. Mnyamata wina anakwawira pansi pa karavani ndi nyuzipepala yoyaka kuti aoche paipi. Mwai wace a Madala anali atatsika. Anamkoka mwendo namuonetsa botolo la gasi limene linali pafupi ndi mutu wace.

Udzu wonse wa m'dambo unali mbuu ngati wathiridwa ufa, ndipo madzi a m'beseni limene tinasiya panja anali atagwira pamwamba ngati galasi. Dzuwa litakwera, ca m'ma 9 koloko, tinamva madzi akuyenda, koma osati ku mpopi. Anali kutayikira pansi. Paipi yamkuwa ya ku giza inali itang'ambika m'litali mwace ngati khoko la nyemba louma, ndi cigongono cimodzi ca pulasitiki cinali citasweka. Pamene tinali kupeza potsekera, theka la thanki linali litamwedwa ndi dothi.

Tamverani tsono cimene cimacitika, pakuti pambuyo pace ndinafunsa makaniko wa pa mgodi ndipo anandilongosolera bwino. Zinthu zambiri zikazizira zimacepa, koma madzi akaundana amatupa. Makapu 11 a madzi amasanduka ngati makapu 12 a ayezi. Amai ogulitsa mafiriziti pa Makoni adziwa cimeneci, ndi yense amene anaiwala botolo la zakumwa m'firiji nalipeza litasweka. Thanki yaikuru siundana msanga, cifukwa madzi ambiri amasunga kufunda kwa usana. Koma kapaipi kakang'ono kali panja kamagwidwa m'maola owerengeka. Ndipo cimene cinandidabwitsa ndi cakuti kawirikawiri paipi sisweka pomwe pali ayeziyo. Ayezi amatseka njira monga citsekerero ca botolo, nakula kulowera ku mpopi, ndipo madzi otsekeredwa pakati pa ayeziyo ndi mpopi wotseka amasowa kothawira. Inu amene mumagwira majeke pansi pa mgodi mudziwa kuti madzi ndi mafuta sapanikizika. Amakankha mpaka citsulo cigonje. Mpopi ukanakhala wotsegula pang'ono, mphamvu imeneyo ikanaturukira pomwepo.

Wailesi nayo sinaname. Kuzizira kumene amalengeza amakuyesa m'kabokosi kokwezeka, kofika ca pa cifuwa ca munthu, osati pa nthaka. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo nthaka imataya kufunda kwace kumwamba, pakuti mitambo ndiyo bulangete lace. Mpweya wozizira ngwolemera, ndipo umatsetsereka kunka kunsi monga madzi, nukadikha m'dambo. Cifukwa cace pamtunda pa a Madala madzi a m'ndowa anali madzi ndithu, pamene ife kunsi tinagona m'dziwe la cisanu. Nthawi yoipitsitsa ndiyo mbandakuca, dzuwa lisanaturuke.

Zikanathera pamenepo, bwenzi iri nkhani yoseka cabe. Tinamanga paipi ndi mphira, ndipo madzulo ace kumwamba kunayeranso. Ine poopa kuti madzi aundananso ndinaganiza nzeru yaciwiri, yoipa koposa yoyamba. Ndinati tikoleze mbaula ya makala tiilowetse m'karavani, titsegule makabati m'mene mudutsa mapaipi, kuti kutentha kuwafikire. Tinaidikira panja mpaka utsi unatha ndi makala anafiira, pakuti tonse tinakula tikumva kuti mbaula ikaleka kufuka iribenso bvuto. Tinatseka mazenera, ndipo kabowo ka mpweya ka pa denga ndinakatseka ndi sokosi, ndi dzanja langali. Munafunda bwino, ndipo tinagona anthu anai.

Ndinadzidzimuka pakati pa usiku mutu ukuwawa ngati wina akukhoma msomali pa mphumi. Ndinafuna kudzuka koma miyendo inakana, ndipo mtima unali kundinyenga kuti gona pang'ono, udzuka bwino. Cimene cinatipulumutsa ndi cikhodzodzo ca nkhalamba. A Madala anaturuka m'tenti kukataya madzi, naona kuwala kofiira pa zenera lathu. Anatsika cothamanga, natsegula citseko, napfuula dzina la yense. Atatu tinaturuka cokwawa tikusanza. Wacinai, mnyamata wophika uja ndinamkalipira m'mawa, sanayankhe. Anamnyamula namgoneka panja pa udzu wacisanu, ndipo dalaivala anathamanga nafe tonse ku cipatala ku Gweru, kumene anatipatsa mpweya wa m'botolo. Ife atatu tinaturuka tsiku lomwelo. Mnyamatayo anatsitsimuka kutaca, nagona komweko masiku awiri. Ali moyo, ndipo anabwerera pa nchito, koma ulendo uja m'galimoto, mutu wace uli pa miyendo yanga, sindifuna kuuyendanso.

Adokotala anatiuza dzina la mdaniyo, carbon monoxide. Ndiwo mpweya womwe uja mumauopa pansi pa mgodi moto ukabuka kapena atangophulitsa, umene ambiri a inu mumabvalira kabokosi kopumira pa lamba. Suoneka ndi maso, ndipo ulibe pfungo. Akuru anati tsoka silinunkha. Makala ofiira opanda utsi amauturutsabe, makamaka m'nyumba yotseka m'mene mpweya wabwino ulikucepa. Magazi a munthu amaugwira koposa mpweya wabwino kopitirira ka 200, cotero umalanda malo, ndipo munthu amalefuka asanadziwe kuti cabvuta nciani. Mutu, cizungulire, mseru ndi tulo tolemera, makamaka zikagwira anthu onse a m'nyumba nthawi imodzi, ndizo zizindikiro zace. Turutsani munthu panja msanga, mupite naye ku cipatala ngakhale aoneke ngati wacira. Mkaka umene ena amathamangira kumwetsa wodwala sucotsa mpweya umenewu m'magazi. Ine cimandiwawabe ndi ici: pa mgodi sitilowa pamalo asanayese mpweya, koma ife tinaunyamula ndi manja kuulowetsa kogona, cifukwa ca paipi ya madola owerengeka.

Titabwerera tinakoka karavani kukwera nayo pamtunda, ndipo za madzi anayamba kulamula a Madala. Dzuwa likapendeka tinali kutunga madzi a m'mawa m'zigubu ziwiri ndi kuzilowetsa m'kati. Tikatero tizima pampu, titsegula mipopi yonse, ndi kumasula kotayira madzi kunsi kwa giza, kuti mapaipi agone opanda kanthu. Paipi yopanda madzi cisanu sicingaiswe. Nchito yonseyi siposa mphindi 10. Mapaipi a panja tinawakulunga ndi masaka ouma, ndi pepala la pulasitiki pamwamba pace, pakuti saka likanyowa limaundana nalonso. M'mbali mwa karavani tinachinga ndi malata akale kuti mphepo isapite pansi, koma mbali ya botolo la gasi tinaisiya poyera. Sokosi ija ndinaicotsa pa denga. Ofuna kuotha anali kuotha panja, ndipo polowa yense apfunda mabulangete awiri ndi cipewa kumutu.

Tsiku lina tinaiwala, ndipo paipi inagwiranso. A Madala anatsegula mpopi coyamba, nabviika nsaru m'madzi ofunda, osati owira, nayamba kukulunga paipi kuyambira ku mpopi kubwerera m'mbuyo, kuti madzi osungunuka apeze poturukira. Pampu ndi giza sanalole munthu kuziyatsa kufikira madzi atayenda bwino. Ndipo kunena zoona, kuno kwathu wosafulumira angodikira dzuwa, limasungunula lokha tiyi asanazizire kawiri.

Dalaivala anati bwanji tithire m'thanki mankhwala aja amathira m'rediyeta ya galimoto kuti madzi asaundane. Abale anga, musayese. Mankhwala amenewo ndi poizoni. Amatsekemera pa lilime koma amaononga impso ndi kupha, ndipo cigubu cimene munali mankhwalawo musatungiremo madzi akumwa. Mcere nawo suthandiza, pakuti madzi a m'nyanja yamcere, amene munthu sangathe kumwa, amaundana ndithu kuzizira kukatsika madigiri awiri pansi pa 0.

Inu a ku Joni ndi ku Free State mudziwa cisanu coposa cathu. Johannesburg iri pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo ena mwa inu munaona ndi maso cipale cofewa cikugwa m'mzindamo pa 10 July 2023, monga cinagweranso mu August 2012. Kumeneko mipopi ya panja imagwira kawirikawiri, ndipo ambiri amene munaturuka m'komponi mukugona m'tizipinda ta malata, m'mene mbaula imakoma kwambiri usiku. Zimene ndalembazi muwawerengere anzanu osadziwa kuwerenga, ndi anyamata atsopano amene cisanu ca kumeneko sanacilawe.

Mtengo wa paipi, cigongono ndi fyuzi anaudula pa malipiro anga, ndipo wolemba m'buku la zodula ndinali ine ndemwe, popeza kuchireko kalaliki wina kunalibe. Dzulo ndinapita ku Zengeza kukaona amace a mnyamata wophika uja, nditanyamula suga ndi bulangete latsopano. Anandilandira bwino nandiphikira tiyi, osachula kanthu za usiku uja. Pondiperekeza anangofunsa kuti, "Mwana wanga, caka cino mupitanso kuchire?" Ndinati inde amai, tinyamuka Lolemba likudzali. A Madala atumiza kale mau kuti mapu ndisiye kunyumba.

Ndine wanu,
KALALIKI.