Sitiraka ya Panjanji ndi Milungu ya Makolo m'Nkhani za Sembène

Pa 10 Okutobala 1947, ogwira ntchito panjanji yochokera ku Dakar kukafika ku Bamako anaika zida pansi. Ankafuna malipiro ndi ndalama zothandizira mabanja zofanana ndi za anzawo achifalansa. Sitirakayo inatha mu Malichi 1948, patapita miyezi isanu. Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ananyamulapo katundu padoko la Marseille, anaiumba nkhaniyi kukhala buku lotchedwa Les bouts de bois de Dieu, lomwe linatuluka mu 1960.

Dzina la bukuli limatanthauza "timitengo ta Mulungu". Linachokera ku mwambo woti anthu amoyo sawerengedwa, kuopa kuwaitanira tsoka, ndiye owerenga amangoti timitengo. Apa ndi pamene pagona mkangano: kodi Sembène ankalemekeza zikhulupiriro za makolo, kapena ankaziona ngati chingwe chomanga anthu miyendo?

Oti ankazitsutsa ali ndi umboni wogwirika. M'bukumo, El Hadji Mabigué, munthu wopemphera ndiponso wokondedwa ndi atsamunda, amaona sitiraka ngati kulimbana ndi chifuniro cha Mulungu. Ana a mlongo wake Ramatoulaye akugona ndi njala, madzi atsekedwa, koma nkhosa yake yotchedwa Vendredi ili nenepu. Tsiku limene nkhosayo inadya kampunga ka banjalo, Ramatoulaye anaigwetsa pansi, kuizinga, n'kugawira anansi nyama. Apolisi atabwera, anapeza amayi atanyamula mabotolo odzaza mchenga. Mufilimu yake ya 1971, Emitaï, dzina la mulungu wa mabingu wa Adiola, Sembène anapitirira apo. Asilikali a Afalansa akufuna mpunga wa mudzi pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Akuluakulu ali kukachisi kupereka nsembe ndi kudikira yankho la milungu, pamene amayi amene anabisa mpungawo asilikali awakhazika padzuwa, mfuti zili m'mbali.

Komabe mbali inayo nayo si yopepuka. Amayi a mu Emitaï akukakamira mpunga chifukwa kwa Adiola mpunga ndi wopatulika, ndipo mwambo wa maliro suyenda popanda iwo. Chikhulupiriro chomwe chafooketsa abambo ndicho chalimbitsa akazi awo. M'buku muja, nkhalamba Fa Keïta akuzunzidwa m'ndende koma sakusiya mapemphero, ndipo atatuluka akuchenjeza achinyamata kuti chidani chisawalowe mumtima. Sembène sanamuseke.

Poyeza zonsezi, zikuoneka kuti Sembène sankazenga mlandu milungu. Ankayang'anitsitsa owalankhulira, kuti aima ndi ndani mphika ukakhala wopanda kanthu. Pamenepo ofufuza mbiri ali ndi dandaulo lawo: Frederick Cooper anapeza kuti ulendo wotchuka wa m'bukumo wa amayi oyenda pansi kuchokera ku Thiès mpaka ku Dakar mulibe m'zolemba za nthawiyo. Sembène anachita kuupeka. Koma ngakhale paulendo wopekawo sanabise mantha akale, popeza amayi ena atatopa anayamba kulozana zala kuti pakati pawo pali mfiti. Amene anawabwezera mumzere ndi Penda, mkazi amene amayi ena ankamunyoza kuti ngwachiwerewere, ndipo ndi iyeyo amene asilikali anamuwombera gulu likulowa mu Dakar.