Mlendo Sakakamizidwa Kudziwa Mbiri Yonse ya Mudzi

Pali masewera ena a pa kompyuta otchedwa World of Warcraft, amene kampani ya ku Amereka ya Blizzard Entertainment inatulutsa m'chaka cha 2004. Anthu a m'maiko osiyanasiyana amakumana m'masewerawa kudzera pa intaneti, m'dziko lopeka lotchedwa Azeroth. Ambiri amangomenya zilombo ndi kutolera chuma. Koma alipo ena amene amapita ku maseva apadera, monga Argent Dawn wa ku Ulaya kapena Moon Guard wa ku Amereka, kumene munthu amalankhula ndi kuchita zonse ngati nzika yeniyeni ya dzikolo. Kwa inu makolo ndi abambo ansembe amene simunazionepo, ndinganene kuti ndi sewero ngati lija timachita m'holo, kungoti apa palibe amene walemberatu mau.

Tsono vuto ndi ili. Dziko la Azeroth lili ndi mbiri yaitali zedi. Inayamba ndi masewera a Warcraft: Orcs & Humans mu 1994, inapitirira ndi Warcraft II mu 1995 ndi Warcraft III mu 2002, ndipo pamwamba pa izi pali mabuku ankhani ambirimbiri. Kuyambira mu 2016 kampaniyi inayamba kutulutsa mabuku akuluakulu otchedwa Chronicle ongofotokoza mbiriyo basi. Osewera ena akale amati munthu asayerekeze kulowa m'sewero asanawerenge zonsezi. Choncho atsopano ambiri amangoima patali n'kumaonerera, poopa kusekedwa. Ine ndikuti maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akuthamangitsa anthu amene akanakometsa seweroli.

Choyamba, tiyeni tidzifunse: kodi munthu wamba amadziwa zingati za mbiri ya dziko lake? Mlimi amadziwa munda wake, anansi ake ndi mtengo wa mbeu pa msika. Za m'nyumba ya mfumu amangozimvera kwa ena. Chimodzimodzinso ku Azeroth. Wosewera watsopano angathe kusankha mtengambali amene mwachibadwa sangadziwe zambiri, monga mwana wa mlimi wochokera ku Westfall, chigawo cha minda chimene chili kufupi ndi mzinda waukulu wa Stormwind. Mnyamata wotereyu akafika mumzinda n'kufunsa kuti, "Pepani achimwene, kodi chipilala ichi ndi cha yani?" palibe amene angamudabwe. Kusadziwa kwa wosewera kwasanduka khalidwe la mtengambali wake, ndipo sewero layamba kale.

Cholakwa chimene atsopano ambiri amachita ndi kufuna kuyambira pamwamba. Wina amati iye ndi mwana wobisika wa mfumu, wina amati ndi mbale wake wa Thrall, mtsogoleri wotchuka wa mtundu wa Orc. Winanso amasankha kukhala nkhalamba ya mtundu wa Night Elf, pamene ena a mtunduwu akhala ndi moyo zaka zoposa 10,000. Wotereyu akafunsidwa za nkhondo imene akuti anamenya nao, amasowa chonena. Wadzisenzetsa yekha katundu amene palibe anamutuma.

Sindikunena kuti munthu alowe ali mbuli yotheratu ayi. Amene amateteza mbiri ali ndi mfundo, chifukwa anthu ambiri sangasewere pamodzi ngati aliyense akupeka dziko lakelake. Koma zofunika poyamba ndi zochepa. Dziwani kuti pali magulu awiri odana, Alliance ndi Horde. Dziwani mtundu wa mtengambali wanu, kwao, ntchito yake ndi chimene akufuna pa moyo wake. Zimenezi munthu angaziwerenge madzulo amodzi. Zotsalazo mudzaziphunzira mukuyenda.

Ndinaziona ndekha pa tchuthi, pamene msuweni wanga anandilola kusewera pa kompyuta yake. Mtengambali wanga anali wonyamula katundu wosaphunzira. Tili m'nyumba ya alendo, wosewera wina amene anali ngati msilikali wopuma pa ntchito anatchula gulu la Defias. Ndinamufunsa kuti amenewo ndani. Iye anandifotokozera mwa mau a msilikali kuti anali amisiri a miyala amene anamanganso Stormwind utapasulidwa pa nkhondo, koma nduna zinakana kuwalipira, ndipo motsogozedwa ndi Edwin VanCleef anasanduka achifwamba. Mtengambali wanga anayankha kuti, "Ndiye kuti wakuba woyamba anali nduna zija." Mkangano unabuka pamenepo, ndipo anthu ena atatu analowererapo. Ndikanakhala kuti ndinaidziwa kale nkhaniyo, msilikali uja akanasowa womufotokozera. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Chachiwiri, chimene chimakometsa sewero ndi khalidwe, osati kuloweza maina ndi zaka. Wosewera wabwino amamvetsera zimene mnzake wanena ndi kuyankha zogwirizana nazo. Samulamulira mnzake zochita. Salemba kuti, "Ndakubaya ndipo wafa," koma amalemba kuti waponya mkondo, n'kumusiya mnzakeyo anene ngati wamulasa. Akakaikira chinthu, amatuluka pang'ono m'sewero ndi kufunsa mnzake pambali mwaulemu. Palibe buku la mbiri limene lingamuphunzitse munthu zimenezi.

Chachitatu, ngakhale eni ake amasokoneza. Mu 2006 Chris Metzen, mmodzi mwa alembi akuluakulu a nkhani za Warcraft, anapepesa poyera chifukwa zimene analemba zokhudza mtundu wa Draenei zinatsutsana ndi zimene iye yemwe analemba kale m'kabuku ka Warcraft III. Ngati mlembi weniweni anaiwala, nanga ife tingamunyoze bwanji mwana amene wangoyamba dzulo?

Inu osewera akale, kudziwa kwanu kuli ndi ntchito pokhapokha pali wina woti mumuuze. Mlendo akalakwitsa dzina la mzinda, mukonzeni monga mmene nkhalamba ya m'mudzi ingachitire, osamuchititsa manyazi pagulu. Mukapitiriza kuthamangitsa atsopano, mudzatsala nokha m'nyumba ya alendo, aliyense akudziwa zonse, popanda wofunsa.

Ndipo inu anzanga amene mwina mudzapeza mwai wotere pa tchuthi, musadikire kuti mumalize mabuku onse. Nthawi yathu yowerenga ili kale ndi eni ake, omwe ndi Masamu, Chingerezi ndi Sayansi. Sankhani munthu wamng'ono, mupatseni kwao ndi ntchito, lowani pa chipata cha mzinda, ndipo woyamba kukumana naye mumufunse njira ya ku msika.