Timagetsi tikakana kuyaka, yambirani ku khoma

Ena mukuwerenga muli pa basi yobwerera ku Industrial Area, ena muli ku khitchini mukudikira mpunga kuti upse, ena muli ku Joni kapena ku Cape Town.

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya timagetsi tokongoletsera nyumba, toyaka mitundumitundu tija. Musaseke. Disembala wafika, ndipo ambiri a ife amene timagwira ntchito m'nyumba za anthu tiuzidwa kuti titsitse makatoni, tikoloweke timagetsi pa khonde. Tikakana kuyaka, chala chimaloza amene anatisunga. Zinandichitikira ine, ndiye ndati ndikuuzeni zimene ndinaphunzira, mwina zingapulumutse malipiro a wina.

Amene muli kuno ku Qatar mukudziwa kuti mwezi uno mzinda wonse umavala maruni ndi zoyera. Pa 18 Disembala ndi tsiku la dziko lino, lokumbukira Sheikh Jassim bin Mohammed Al Thani amene anayamba kulamulira mu 1878. Nyumba imene ndimagwiramo ntchito ili ku Msheireb, pafupi ndi msewu wa Al Kahraba. Kahraba m'Chiarabu ndi magetsi, ndipo msewuwu ndi umene unayamba kuwala ndi magetsi mu Doha muno. Ndiye taganizani manyazi ake, khonde lathu lokha kukhala mu mdima pafupi ndi msewu wa magetsi.

Timagetsi ta a madamu ndi lamba wautali mamita 5, wokhala ndi timababu 300. Chaka chapitacho ndine amene ndinamasula ndi kupinda lambayo. Nditatulutsa, ndinalumikiza mawaya mu kabokosi kake, ndinayatsa, koma zii. Ngakhale kababu kamodzi. A madamu anangoyang'ana n'kunena kuti ndinasunga moipa, ndipo ngati agula ena, ndalamayo ichoka pa malipiro anga. Kuno malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu Marichi 2021 ndi 1,000 riyal pa mwezi. Inu mukudziwa kuti riyal iliyonse imakhala ndi mwini wake kumudzi isanafike n'komwe m'manja. Ndinapempha kuti andipatse tsiku limodzi.

Usiku umenewo ndinaimbira pa WhatsApp mwana wanga wamwamuna amene amakonza mafoni ndi mawailesi ku Limbe. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, za magetsi ndimaziopa. Iye anati, "Amayi, musaope, koma muzule kaye pulagi musanakhudze waya aliyense. Kenaka tiyambira ku khoma, tiziyenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Osadumpha." Mawu amenewo ndi amene ndikukupatsani inunso.

Koma choyamba mumve kusiyana kwake. Timagetsi ta Khirisimasi takale tija, ukangolowetsa pulagi timayaka. Iti ayi. Amatitchula ma pixel, ndipo pa katoni pamalembedwa WS2812B kapena WS2811. Mu lamba wa WS2812B kababu kalikonse kali ndi kaubongo kake, ndipo mkati mwake muli timagetsi titatu: kofiira, kobiriwira ndi ka buluu. Kuti kayake kayenera kuuzidwa mtundu woti kaonetse. N'chifukwa chake pali mawaya atatu. Wina ndi wa mphamvu, wolembedwa 5V kapena 12V. Wina ndi wobwezera, wolembedwa GND. Wapakati ndi wa uthenga. Kababu koyamba kamalandira uthenga wonse kuchokera ku kabokosi kolamula, kamatengapo gawo lake, kotsala n'kupereka kwa kachiwiri. Kachiwiri nakonso chimodzimodzi, mpaka kumapeto. Ndiye lamba atha kukhala ndi mphamvu yonse, wabwinobwino, koma ngati uthenga sunafike amangokhala mu mdima ngati wakufa.

Tsono kuyenda kwake ndi uku.

Yambani ndi soketi ya pa khoma. Soketi za kuno ndi zofanana ndi za kwathu, za mano atatu, zokhala ndi switchi pambali. Onani ngati switchiyo yayatsidwa. Lowetsanipo chaja ya foni kuti muone ngati soketiyo ili ndi moto. Mkati mwa pulagi ya mano atatu mumakhalanso fyuzi, ndipo fyuzi ikapsa zonse zimazima ngakhale palibe china chowonongeka. Anthu ataya zinthu zabwino chifukwa cha kanthu kakang'ono kameneka.

Kuchoka apo pitani pa adaputa, chibokosi chija chimene chimasandutsa magetsi a ku khoma kukhala ochepa. Ambiri amakhala ndi kagetsi kobiriwira kosonyeza kuti ali moyo. Werengani zolembedwa pamsana pake, mufanizire ndi zolembedwa pa lamba. Ngati lamba walembedwa 5V, adaputa akhalenso wa 5V. Apa samalani kwambiri, chifukwa m'makatoni a mabwana mumakhala ma adaputa ambiri ofanana maonekedwe. Mukalumikiza wa 12V pa lamba wa 5V, timababu timapsa nthawi yomweyo, ndipo apo ndiye mlandu ndi wanudi. Mukalumikiza wa 5V pa lamba wa 12V, sayaka kapena amangothwanima mofooka.

Pa adaputa pamalembedwanso nambala ina yothera ndi A. Mwana wanga anandifotokozera kuti imeneyo ili ngati kukula kwa mpopi. Kababu kamodzi kakayaka koyera mwamphamvu kamatha kumwa mpaka 60 mA. Timababu 100 ndiye 6A, timababu 300 ngati ta kwathu kuno ndi 18A. Chaja ya foni ya 2A singakwanitse. Imayatsa pang'ono, kenaka zonse zimazima kapena kuphethiraphethira. Ndipo chibokosi chimenechi musachitsegule. Mbali imene imapita ku khoma ili ndi 240V, ndipo imapha. Chikanunkha zopserera kapena chikatupa, chisiyeni, uzani eni nyumba aitane wodziwa.

Kwa ife soketi inali bwino, adaputa anali bwino. Tinafika pa kabokosi kolamula, kamene kamamva rimoti kapena foni. Apa mwana wanga anandiuza kuti ndiyandikitse kamera pa lamba. "Amayi, mukuona timivi tating'ono tojambulidwa pakati pa timababu? Taloza kuti?" Ndinavala magalasi. Timivi tonse tinaloza ku kabokosi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi, mwalowera ku mchira."

Abale, uthenga mu lamba ameneyu umayenda njira imodzi yokha, ngati madzi a mtsinje. Mbali yolowera imalembedwa DIN kapena DI, mbali yotulukira DO. Timivi tiyenera kuloza kochokera ku kabokosi kupita kutali. Pomwe ndinkapinda chaka chatha ndinayambira ku mutu, ndiye mutu unabisala mkati mwa mkombero, mchira n'kukhala kunja. Mbali zonse ziwiri zili ndi mawaya atatu ofanana mitundu. Ndinangotenga imene inali pafupi. Lamba sanali wakufa ayi, ankangouzidwa mawu ku khutu lolakwika.

Pomangirira mawayawo onaninso kuti aliyense walowa pa malo pake ndipo kasikulu kamugwira zolimba. Musadalire mtundu wa waya wokha, werengani zilembo. Waya wa GND ndi wofunika kwambiri. Ngati kabokosi kolamula ndi lamba akudya kuchokera ku ma adaputa awiri osiyana, ma GND awo ayenera kulumikizana. Popanda kutero uthenga umasokonekera, timababu timangophethira mitundu yachilendo kapena osayaka.

Nditatembenuza lamba ndi kuyatsanso, timababu 7 tinayaka. Mtima unagunda. Koma kuyambira ka nambala 8 mpaka kumapeto kunali mdima. Ndinati ndiye basi, totsala tonse tapsa. Mwana wanga anati ayi, timababu 293 sitingafe tsiku limodzi. Pamene kuwala kwathera ndi pamene pali vuto. Mwina kababu komaliza kuyaka sikakupereka uthenga, mwina koyamba kuzima sikakulandira. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti pakati pa tiwiri timeneti lamba anapindika kwambiri, ndipo kamzere ka kopa kanathyoka. Nditafinya ndi chala pamenepo, lamba yense anawala kamodzi n'kuzimanso. Misozi inalengeza.

Kukonza kwake sikovuta. Pakati pa kababu ndi kanzake pali timadontho titatu ta kopa ndi kamzere kosonyeza podula. Mumazula pulagi, n'kudula ndi sizasi pa kamzere, kuchotsa timababu tiwiri tokayikitsato, kenaka kulumikiza mbali ziwirizo ndi kolumikizira ka mano atatu kamene amagulitsa m'mashopu a zamagetsi. Timivi tilozebe mbali imodzi. Dalaivala wa pa nyumba pano anakandigulira m'mawa mwake pa ndalama yochepa. Pali malamba ena, monga WS2813 ndi WS2815, amene ali ndi waya wachinayi wosungira uthenga, moti kababu kamodzi kakafa totsatira timayakabe. Ngati abwana anu akufuna kugula atsopano, mutha kuwauza zimenezo.

Zinthu zina zitatu mungakumane nazo ngakhale mawaya ali bwino. Ngati lamba wayaka theka, ndipo podukirapo palibe chopindika, onani pa foni kapena pa rimoti. Kabokosi kamafuna kuuzidwa kuti timababu tilipo tingati. Kakauzidwa 150 pamene tilipo 300, theka limakhala mu mdima. Ngati kumutu kukuwala koyera koma kumchira kukuoneka chikasu kapena kofiirira, mphamvu ikuthera m'njira, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa kuwala kapena kulowetsa mphamvu kumchiranso. Chachitatu ndi chimene chinatiseketsa. Mwana wa a madamu atasankha maruni pa foni, khonde lonse linawala kobiriwira ngati munda wa chimanga wa mu Januwale. Poyesayesa dzulo lake anali atafufuta zonse zimene kabokosi kankakumbukira. Lamba wa WS2812B amayembekeza mitundu mu ndondomeko ya GRB, kobiriwira patsogolo, pamene kabokosi kankatumiza RGB, kofiira patsogolo. Atasintha zilembo zitatuzo, maruni anabwera.

A madamu anatuluka pa khonde, anayang'ana, anati zili bwino. Za kudula malipiro sanazitchulenso. Ine ndinawauza mwaulemu kuti kupindika kuja ndi kwanga, ndinapinda mothina, koma lamba sanafe. Ndinaona kuti ndi bwino kuvomera pamene ndinalakwa, osasenza pamene sindinalakwe.

Ndiye alongo anga, Januwale akafika n'kukuuzani kuti mumasule, chitani izi. Jambulani chithunzi pa foni musanamasule waya aliyense. Matani kaselotepi ku mutu wa lamba. Pindani mkombero waukulu, osathyola ngati nsalu. Adaputa wake mumuike mu jumbo imodzi ndi lambayo kuti asasakanikirane ndi ena. Ndipo musasunge pa malo otentha ngati kasitolo ka padenga, poti kutentha kwa Julayi kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo kumaumitsa pulasitiki ndi zomatira.

Usiku uja nditatsala ndekha pa khonde, ndinayang'ana kababu kaja ndinadula, kali m'dzanja langa. Kakang'ono ngati njere ya nyemba. Kanali kulandira gawo lake bwinobwino, kakuwala, koma kumbuyo kwake anzake 293 ali mu mdima chifukwa mawu anathera pa iko. Ndinakumbukira mmene ndinafikira kuno, osadziwa chilichonse. Mayi wina wa ku Kenya ndi amene anandiuza kuti lamulo la antchito a m'nyumba la 2017 limatipatsa tsiku limodzi lopuma pa sabata ndi masabata atatu a tchuthi pa chaka. Akanakhala chete, ine ndikanakhala mu mdima, ndi onse amene ndawauza pambuyo pake.

Mwezi uno kukubwera atsikana atsopano, ena ausinkhu wa ana athu. Chimene mukudziwa, kaya ndi za lamulo, kaya ndi posinthira sitima pa siteshoni ya Msheireb, kaya ndi timivi ta pa lamba wa magetsi, tengani gawo lanu, chotsala mupereke kwa amene ali kumbuyo kwanu.

Ndipo musaiwale kuzula pulagi kaye. Ana akukudikirani kumudzi.

Tionana sabata ya mawa. Mtendere.